Nyumba isiyidwe kwa yani? Chimene chimasunga masewero akale a mabanja a ku Britain

Kumapeto kwa 1968 abusa ena ku England anayamba kusintha nthawi ya mapemphero a Lamulungu madzulo. Kunalibe mliri, kunalibe nkhondo. Akhristu awo ankangofuna kukhala atafika kale kunyumba, tiyi ali m'manja, pamene BBC ikuyamba kuonetsa gawo lina la sewero lotchedwa The Forsyte Saga. Eni malo omwera mowa nawo ankadandaula kuti Lamulungu usiku mipando ikungokhala pululu. Gawo lomaliza litafika kumayambiriro kwa 1969, anthu pafupifupi 18 miliyoni analionera, m'dziko limene panthawiyo linali ndi anthu cha m'ma 55 miliyoni.

Mukalionera lero seweroli mungadabwe kuti chinkawagwira mtima n'chiyani. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera basi, poti linajambulidwa BBC itatsala pang'ono kuyamba kuonetsa zamitundu mu July 1967. Mulibe kuthamangitsana pagalimoto, mulibe mfuti. Muli amuna ndi akazi ovala zovala zolemera, atakhala m'zipinda zodzaza mipando, akukambirana za nyumba, za ndalama, ndi zoti uje akwatire yani. Magawo ake ndi 26, lililonse la mphindi 50, kutanthauza maola oposa 21. Komabe linagulidwa m'mayiko ambiri, mpaka ku Soviet Union kumene boma linkaphunzitsa anthu kuipidwa ndi mabanja olemera ngati amenewa. Ife ku Malawi sitinaonere nawo nthawi imeneyo chifukwa wailesi yakanema yathu inayamba mu 1999. Masewero a mtundu umenewu ambiri tinakumana nawo mochedwa, pa ma DVD, pa DStv kapena pa intaneti. Ine nditawapeza, chimene chinandigwira si madiresi aataliwo kapena mahatchi. Nkhani za azungu a zaka 100 kapena 200 zapitazo zinkandikumbutsa zokambirana zimene zimabuka kwathu maliro akangotha.

Seweroli linachokera m'mabuku a John Galsworthy, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1932. Buku loyamba linatuluka mu 1906, ndipo dzina lake, The Man of Property, likunena za munthu amene moyo wake wonse wagona pa kukhala ndi katundu. Munthuyo ndi Soames Forsyte, loya wa ku London. A Forsyte sanabadwire m'banja lachifumu. Agogo awo anali omanga nyumba, ana n'kulemera ndi malonda a tiyi, uloya, migodi ndi kugulitsa malo, ndipo akakumana pa phwando nkhani yawo imakhala mitengo ya zinthu. Soames amagula zithunzi zojambula pamanja n'kumaziunjika, diso lili pa mtengo umene zidzagulitsidwe mtsogolo. Anakwatira Irene, mkazi wokongola koma wosauka, amene anavomera ukwatiwo atakana kangapo ndipo sanamukondepo ngakhale tsiku limodzi.

Pofuna kuchotsa mkaziyo pamaso pa anthu a mu London, Soames anaganiza zomanga nyumba kumudzi, pamalo otchedwa Robin Hill. Wojambula mapulani ake anali mnyamata wina, Philip Bosinney, chibwenzi cha mtsikana wa m'banja lomwelo la Forsyte. Irene ndi Bosinney anakondana. Soames anakasuma Bosinney kukhoti kuti wawononga ndalama zopyola zimene anagwirizana, mlandu umene cholinga chake chenicheni chinali kumugwetsa. Irene anali atayamba kukhoma chitseko cha chipinda chake, ndipo tsiku lina Soames anamugwirira. Bosinney atamva zimenezi anayenda m'misewu ya London ngati wozungulira mutu, kunja kuli nkhungu yoti bii, mpaka anagundidwa ndi ngolo yokokedwa ndi mahatchi n'kufa.

Kuti timvetse kulemera kwa nkhaniyi tiyenera kudziwa lamulo limene linali kumbuyo kwake. Ku England, mpaka 1870, ngakhale malipiro amene mkazi wapabanja wakhetsera thukuta anali a mwamuna wake, ndipo ndi lamulo la 1882 limene linamulola kukhala ndi katundu wakewake mokwanira. Lamulo la chisudzulo la 1857 linkalola mwamuna kusiya mkazi pa chigololo chokha, pamene mkazi ankayenera kuonetsa chigololo pamodzi ndi cholakwa china monga nkhanza kapena kuthawidwa. Kusiyana kumeneku kunatha mu 1923. Nanga zoti mwamuna angathe kugwirira mkazi wake? Makhoti a ku England anavomereza kuti umenewu ndi mlandu mu 1991. Ndiye kuti anthu amene ankaonera Soames akuchita zimenezi mu 1968 ankaona chinthu chimene lamulo la nthawi yawo yomweyo silinkachiwerengera ngati kugwirira. Zaka zomwezo nyumba ya malamulo inali pa mkangano wosintha lamulo la chisudzulo, ndipo latsopano linadutsa mu 1969. Zovala zinali zakale, koma mkangano unali wa m'nyumba za oonerawo.

Ndipo anakanganadi. Ena anali kumbali ya Irene, ena kumbali ya Soames, amayi ambiri nawonso ali m'gulu lomumvera chisoni mwamunayo. Ine ndilibe chikaiko kuti Soames anachita choipa chachikulu, ndipo sindifuna kuchichepetsa. Koma ndimamvetsa chimene chinawagawa anthu. Eric Porter, amene anasewera Soames, anamuonetsa ngati munthu wanjala ya chikondi amene sadziwa njira ina yopezera chinthu koma kugula. Amabwera ndi mphatso zodula, mkazi n'kuyang'ana kumbali. Amaima pakhomo milomo itauma, manja ali kumbuyo, osadziwa choti anene. Umadana naye, kenako sabata yotsatira umapezeka ukumumvera chisoni, kenako akuchitanso china chokukwiyitsa. Ambiri tili ndi m'bale wotere, amene amalipira fizi ya ana onse a pamudzi koma palibe amene amakhala momasuka iye akalowa m'nyumba.

Chimene chimapweteka kwambiri chimabwera patapita zaka 20 ndi kuposa. Irene anadzakwatiwa ndi Jolyon, mwana wa bambo aakulu a Soames, amene m'Chichewa tikanangoti mchimwene wake. Anabereka mwana wamwamuna, Jon, ndipo ankakhala m'nyumba yomweyo ya Robin Hill. Soames anakwatira mkazi wa ku France n'kubereka Fleur. Ana awiriwa anakumana atakula, osadziwa chilichonse, n'kukondana. Makolo mbali zonse akukana koma palibe amene akufuna kunena chifukwa. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma apa zinatembenuka, anadya ndi akulu, opotedwa ndi ana. Woonera amadziwa chinsinsicho chifukwa analipo pamene zinkachitika, magawo ambiri apitawo. Amakhala ngati azakhali a pabanjapo amene akudziwa zonse koma sangathe kutsegula pakamwa.

Mukayang'ana masewero ena otchuka a mtundu umenewu mupeza kuti pansi pa nkhani ya chikondi pagona funso limodzimodzilo: katunduyu apita kwa yani? Tengani Pride and Prejudice, buku la Jane Austen la 1813, limene BBC inalisandutsa sewero la magawo 6 mu 1995. Anthu amakumbukira Colin Firth, amene anasewera Darcy, ndi Jennifer Ehle, amene anasewera Elizabeth Bennet, akuyang'anizana. Koma chimene chimayendetsa nkhaniyo ndi pangano lakale la banja la Bennet loti malo awo, Longbourn, asagawidwe ndiponso asagulitsidwe, koma azipita kwa mwamuna wapafupi kwambiri pa mzere wa bambo. Bambo Bennet ali ndi ana aakazi asanu, wamwamuna palibe. Malowo amabweretsa mapaundi 2,000 pachaka, koma tsiku limene bamboyo adzatsikire kuli chete, zonse zidzapita kwa wachibale wapatali, m'busa wotchedwa Collins, ndipo mayi ndi ana ake adzatuluka m'nyumbamo.

Mabanja a eni malo ku England ankachita zimenezi dala. Malo ndiwo anali mphamvu ndi ulemu, ndiye kuwagawa kwa ana onse kukanawaphwanya mpaka dzina la banja kuzimirira. Mwana wamwamuna woyamba ankatenga zonse. Ang'ono ake ankapita ku usilikali, ku ubusa, ku uloya, kapena kukasaka mwayi kumayiko a atsamunda. Ana aakazi njira yawo inali imodzi, kukwatiwa bwino. Kwathu kuno, m'madera a chikamwini kumene munda umatsata mzere wa amayi, ana aakazi asanu ndi mbumba yonyaditsa. Ku Longbourn ana omwewo anali nkhawa yosagonetsa tulo.

Seweroli ndinalionera pa laputopu ndi azakhali anga, amene anaferedwa mwamuna zaka zambiri zapitazo. Chingerezi chakalecho sankachitsata bwino, ndiye ndinkaima n'kumawamasulira. Collins atafika kudzacheza, akumwetulira n'kumayamikira chilichonse m'nyumbamo, iwo anandigwira pamkono. "Iwe, usavutike kumasulira. Uyu wabwera kudzawerenga mipando." Ndinati, "Azakhali, mwadziwa bwanji?" Anangoti, "Ndinawaonapo maso amenewo." Buku lenilenilo limanenanso zomwezo, kuti Mayi Bennet zinawapweteka poganiza kuti mlendoyo akuyang'ana katunduyo ngati wake wamtsogolo. Dziko lathu linafika pokhazikitsa lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, chifukwa maso amenewo ambiri anawaona. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwaseka Mayi Bennet. Sewero limawaonetsa ngati mayi waphokoso, wochititsa ana ake manyazi pagulu pothamangira amuna olemera. Koma m'nyumba monsemo ndi iwo okha amene akuganizira za mawa, pamene mwamuna wawo wadzitsekera m'chipinda cha mabuku. Ndipo mnzake wa Elizabeth, Charlotte, wa zaka 27, akavomera kukwatiwa ndi Collins yemweyo wopanda kumukonda, sindimuweruza. Anawerengetsera zimene zinali patsogolo pake n'kusankha denga.

Mu Middlemarch ya George Eliot, imene BBC inaonetsa mu 1994, mwamuna wansanje analemba mu wilo yake kuti mkazi wake Dorothea adzataye chuma chonse chimene anamusiyira ngati adzakwatiwe ndi mnyamata wina amene iye ankamukayikira. Munthu ali m'manda koma dzanja lake likadagwirabe pakhosi pa wamoyo. Mu Bleak House ya Charles Dickens, mlandu wa chuma cha masiye wotchedwa Jarndyce and Jarndyce unakhala kukhoti mibadwomibadwo. Ana anabadwa mlandu uli mkati, anakula akudikira chigamulo, ndipo mnyamata wina, Richard, anasiya ntchito iliyonse imene anayamba poganiza kuti mawa alemera. Tsiku limene mlandu unatha, kunapezeka kuti chuma chonse chathera kulipira maloya ndi khoti. Richard anamwalira posakhalitsa. Aliyense amene anayendapo ulendo wotsata ndalama za malemu, lero bwerani mawa, mawa fayilo yasowa, safunika kumufotokozera.

Chinthu chachiwiri chimene chimasunga masewerowa ndi nthawi. Mabuku ambiri a nthawi ya Mfumukazi Victoria sankatuluka athunthu. Bleak House inkatuluka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuyambira 1852 mpaka 1853, ndipo Dickens ankadziwa kusiyira nkhani pamalo oti owerenga adikire mwezi wamawa mtima uli m'mwamba. Ndiye pamene wailesi yakanema inatenga mabukuwa n'kuwadula magawo a sabata ndi sabata, inangowabwezera mmene anabadwira. Mu 2005 BBC inaonetsa zimenezi poyera. Bleak House inadulidwa magawo 15, ambiri a theka la ola, n'kumaonetsedwa kawiri pa sabata, EastEnders ikangotha. EastEnders ndi sewero losatha la mabanja wamba a ku London, ndipo opanga ankafuna kuti oonera omwewo asasinthe tchanelo. Anthu anakhaladi.

Filimu ya maola awiri ingakuonetseni ukwati kapena imfa, koma singakuonetseni munthu akukalamba. Nkhani ya a Forsyte pa kanema imayamba mu 1879 n'kutha mu 1926. Umaona tsitsi likuyera, ana akubadwa, azakhali okalamba akumwalira mmodzimmodzi, ngolo zikulowedwa m'malo ndi galimoto. Ukakhala ndi anthu kwa theka la chaka, Lamulungu lililonse, amasanduka ngati anansi. Ndipo masiku asanu ndi limodzi apakatiwo anali mbali ya seweroli, poti ndi pamene anthu ankakangana kuntchito ndi m'basi kuti wolakwa ndani. Lero timaonera magawo khumi usiku umodzi, ndipo ine ndimaona kuti china chake chimatayika, chifukwa nkhani ya banja imafuna kuigonera.

Kusandutsa nthano yaitali kukhala sewero ndi ntchito yovuta kuposa mmene imaonekera. Buku limatha kukuuzani zimene munthu akuganiza, kamera siingathe. Njira imodzi ndiyo kuika mawu a wofotokoza pamwamba pa zithunzi. Ndi zimene kampani ya Granada inachita ndi Brideshead Revisited mu 1981, magawo 11 ochokera m'buku la Evelyn Waugh la 1945, mawu a Jeremy Irons akutitsogolera m'zikumbukiro za munthu amene anakonda banja lina lolemera lachikatolika, mlongo ndi mchimwene yemwe, n'kutsala wopanda aliyense. Njira ina ndiyo kuwonjezera zimene m'buku mulibe. Andrew Davies, amene analemba masewero a Middlemarch, Pride and Prejudice ndi Bleak House, anaona kuti m'buku la Austen timangomuona Darcy kudzera m'maso a Elizabeth. Ndiye anamuonetsa ali yekha, akuphunzira kumenya lupanga, akuyenda m'makwalala a London kusaka mng'ono wake wa Elizabeth amene anathawa ndi msilikali, akudumphira m'dziwe pamalo otchedwa Lyme Park n'kutuluka malaya atanyowa. Za m'dziwezo Austen sanalembe, koma ndi zimene anthu ambiri amakumbukira. Okonda mabuku ena amanyansidwa nazo. Ine ndimaona kuti zinagwira ntchito yake, zinaonetsa kuti munthu wouma nkhopeyu mkati akuvutika.

Palinso nkhani ya ndalama, imene sitiyenera kuibisa. BBC imayenda ndi ndalama za laisensi zimene nyumba iliyonse yoonera kanema imalipira, ndipo kuyambira kale inkaona kuti kubweretsa mabuku otchuka kwa anthu wamba ndi mbali ya udindo wake. Britain ilinso ndi akatswiri ambiri a zisudzo ophunzira pa siteji, odziwa kulankhula ziganizo zazitali ngati zawozawo. Mabuku akale kwambiri safuna kulipira mwini, chifukwa ufulu wa wolemba umatha pakapita zaka 70 iye atamwalira. Austen anamwalira mu 1817, Dickens mu 1870, George Eliot mu 1880. Za Galsworthy zinali zosiyana. Iye anamwalira mu 1933, ndipo Donald Wilson, amene anatsogolera kupanga seweroli, anavutika zaka kukambirana ndi kampani ya MGM imene inali ndi ufulu wojambula nkhaniyo. Litaonetsedwa ku America mu 1969 n'kukondedwa, wailesi ya WGBH ya ku Boston inayambitsa pulogalamu ya Masterpiece Theatre mu 1971 yoonetsa masewero a ku Britain Lamulungu usiku, ndipo kuchokera apo ndalama za ku America zakhala zikuthandiza kupanga ambiri mwa iwo. Dzina lodziwika kale, msika wokonzeka kale, nyumba zakale zili chiimire. N'chifukwa chake m'badwo uliwonse umapanganso zake: a Forsyte anabweranso pa ITV mu 2002, Damian Lewis ali Soames, ndipo Poldark ya 1975, nkhani ya migodi ya ku Cornwall yochokera m'mabuku a Winston Graham, inabweranso mu 2015. Robin Ellis, amene anali Poldark woyamba, anaoneka m'yatsopanoyo atakalamba, akusewera munthu wina.

Sikuti onse ndi a mikangano yoopsa. Alipo ofatsa, amene agogo, makolo ndi zidzukulu ankatha kuonera limodzi popanda wina kuyang'ana pansi ndi manyazi. The Railway Children, ya m'buku la E. Nesbit la 1906, ndi nkhani ya ana atatu amene bambo awo anamangidwa pa mlandu wabodza, mayi n'kuwasamutsira kanyumba ka pafupi ndi njanji osawauza chimene chachitika. Jenny Agutter anasewera mwana wamkulu pa BBC mu 1968 ndiponso mu filimu ya 1970, kenako mu 2000 anabweranso ngati mayi wa anawo. Amene anamuona ali mtsikana anakhala pansi ndi ana awo kumuonera ali mayi. All Creatures Great and Small, imene inayamba mu 1978, inachokera m'mabuku a dokotala wa ziweto wa ku Yorkshire, Alf Wight, amene ankalemba ndi dzina loti James Herriot. Anthu a m'nyumba imeneyo si onse apachibale, koma amadya patebulo limodzi, amakangana, amakhululukirana. Ndimaikonda chifukwa imalemekeza mlimi wamng'ono. Dokotala amadzutsidwa pakati pa usiku, kunja kukuzizira koopsa, amavula malaya m'khola n'kulowetsa mkono wonse mwa ng'ombe imene ikulephera kubereka, mwini wake atagwira nyali, ali chete, poti ng'ombe imeneyo ndiyo chuma chake chonse. Inapangidwanso mu 2020 pa Channel 5, nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo anaithamangira.

Apa pali chinthu chimene chimabwerezabwereza. Masewerowa amakondedwa kwambiri nthawi zovuta. Brideshead Revisited inaonetsedwa kumapeto kwa 1981, chaka chimene kunabuka zipolowe ku Brixton ndi ku Toxteth, anthu osowa ntchito akuyandikira 3 miliyoni. Madzulo anthu ankaonera nyumba yaikulu ya Castle Howard imene anajambulirako seweroli, akasupe a madzi, anyamata a ku Oxford akumwa vinyo pa udzu. Otsutsa amati uku n'kugonetsa anthu tulo ndi England wokoma amene sanakhaleko. Ndikuona kuti akunena zoona, koma theka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo nkhani zabwino mwa izi nyererezo zimazionetsa. M'nyumba yokongola ya Brideshead bambo anathawira ku Venice ndi mkazi wina, mayi amalamulira ana ndi chipembedzo mpaka kuwabanika, ndipo mwana wokondedwa uja Sebastian amathera ku uchidakwa kutali ndi kwawo. Vuto ndi loti kamera imakonda zokongola. Buku likamadzudzula chuma, chithunzi chimachinyadira, ndipo woonera amatsala akusirira nyumba imene wolemba ankafuna kuti aiope.

Ndipo pali funso limene munthu wa ku Africa kuno sangalephere kufunsa: ndalama zomangira nyumba zimenezi zinachokera kuti? Mabuku ena amayankha monong'ona. Mu Mansfield Park ya Austen, ya 1814, mwini nyumba amapita ku chilumba cha Antigua kukayang'anira minda yake, ndipo mtsikana Fanny atamufunsa za malonda a akapolo, m'chipindamo munangoti zii. Mu Jane Eyre, mkazi wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba anachokera ku Jamaica, ndipo Rochester, mwini nyumbayo, anamukwatira chifukwa cha mapaundi 30,000. Britain itathetsa ukapolo ndi lamulo la 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo osalandira kalikonse. Mu 2020 bungwe la National Trust, limene limasamala nyumba zambiri zakalezi, linatulutsa lipoti lotchula malo ake 93 amene mbiri yawo ikukhudzana ndi ukapolo kapena utsamunda, ndipo kunabuka mkangano waukulu. Masewero akale ambiri ankangodutsa pamenepa. Ochepa anayang'ana ufumu wa atsamunda maso ndi maso, monga The Jewel in the Crown ya 1984, magawo 14 ochokera m'mabuku a Paul Scott onena za masiku otsiriza a ulamuliro wa Britain ku India. The Flame Trees of Thika ya 1981 ndi ya banja la azungu lotsegula munda wa khofi ku Kenya, ndipo ngakhale ndi yokoma kuonera, nkhaniyo ndi ya obwerawo, eni dziko ali m'mbali.

Chimodzimodzinso antchito. Wina ankadzuka mbandakucha kukoleza moto m'zipinda zonsezo, wina ankanyamula madzi otentha kukwera nawo masitepe, wina ankachapa madiresi oyerawo. M'masewero ambiri amangolowa ndi thireyi n'kutuluka. Ndiye ndimayamikira amene anatembenuza kamera. North and South ya 2004, ya m'buku la Elizabeth Gaskell, imakulowetsani m'fakitale ya nsalu mmene ulusi wa thonje ukuuluka ngati chipale chofewa, wokongola kuuona koma ukupha mapapo a atsikana ogwira ntchitomo, ndipo sitiraka ikabuka umaona njala ya ana a onyanyalawo. Kuyambira 1989, wailesi ya Tyne Tees inapanga masewero ambiri kuchokera m'mabuku a Catherine Cookson, mayi wobadwira mu umphawi kumpoto chakum'mawa kwa England mu 1906, amene anakula akuganiza kuti mayi ake ndi mkulu wake chifukwa anabadwa kunja kwa ukwati. Nkhani zake ndi za ogwira ntchito m'madoko ndi m'migodi, atsikana antchito opatsidwa mimba ndi ana a mabwana, ana osadziwa bambo awo. Akatswiri a mabuku sankamuwerengera kwenikweni, koma anthu wamba ankamuwerenga ndi kumuonera mwaunyinji. Funso lake ndi lomwe lija, ndani ali ndi dzina, ndani ali ndi denga, kungoti iye ankalifunsa ali kukhitchini.

Kudziwa zonsezi sikunandiletse kuonera. Kwandipangitsa kuonera ndi maso awiri, lina pa banja limene lili patebulo, lina pa amene waima kumbuyo kwa mpando ndi pa minda ya kutsidya kwa nyanja imene satchula. Ndipo ndikabwerera kwa a Forsyte, amene amanditenga mtima ndi Soames wokalamba. Munthu amene ankafuna mwana wamwamuna woti amusiyire chuma anapatsidwa wamkazi, ndipo kwa nthawi yoyamba anakonda chinthu chimene sakanatha kuchigula kapena kuchitsekera. Fleur anatengera mtima wa bambo ake, chimene wafuna wafuna. Atakanidwa ndi Jon anakwatiwa ndi Michael Mont, mwamuna wabwino amene sankamukonda mokwanira, ndipo patapita zaka anayesanso kumutenga Jon, n'kukanidwanso. Soames ankaona zonse, osatha kumuthandiza, iye amene anayambitsa mavutowo Fleur asanabadwe.

Usiku wina moto unabuka m'chipinda chimene Soames ankasungamo zithunzi zake, zimene anasonkhanitsa moyo wake wonse. Nkhalambayo inalimbana ndi utsi, ikuchotsa zithunzizo pakhoma n'kumaziponya pawindo kuti zipulumuke. Atatuluka panja anaona Fleur ataima pansi pa windolo, osasuntha, chithunzi cholemera chili pafupi kugwa pamwamba pake. Anathamanga n'kumukankhira kumbali, chithunzicho n'kumugwera iye. Anamwalira patapita masiku ochepa, Fleur ali pambali pa bedi lake. Limeneli ndilo gawo limene anthu 18 miliyoni aja anaonera Lamulungu lija.